Ma peptide odzilumikiza okha: tiyambire mtundu uti kuno ku Blantyre?

Wophunzira wa ku yunivesite ya KUHeS kapena ya MUBAS amene mtima wake wakopeka ndi ma peptide odzilumikiza okha sachedwa kuona kuti mitundu yake ndi yambiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi eni ake ouyamikira. Ndalama za kafukufuku n'zochepa, ufa wa peptide umachokera kunja ndipo umagulidwa ndi ndalama zakunja. Simungayese yonse. Ndikufuna tiione mitunduyi ndi maso a munthu amene labu yake ili kuno, komwe mwezi wa Okutobala kumatentha, magetsi amatha kuzima firiji ili yodzaza, ndipo odwala amene tikuwaganizira ndi a ku chipatala chachikulu cha Gulupu.

Peptide ndi ma amino acid ochepa olumikizana motsatana, omwewo amene amapanga mapuloteni a m'thupi. Alipo mitundu 20. Ena amakonda madzi, ena amawathawa. Ena ali ndi mphamvu yamagetsi ya pozitivi, ena ya negetivi. Mukawasanja mwanzeru, mamolekyu ake akalowa m'madzi amafunana okha, n'kugona moyandikana ngati bango mu mphasa, mpaka kupanga tiulusi totalika koma tonenepa mananomita 10 okha kapena kucheperapo. Tsitsi la munthu limanenepa mananomita masauzande makumi angapo. Tiulusiti tikapiringizana timagwira madzi n'kukhala jelo, ndipo pa magawo 100 a jeloyo, 99 akhoza kukhala madzi. Ntchito yonse ya wokonza yagona pa mafunso atatu: asanje bwanji ma amino acid, n'chiyani chidzayambitse kulumikizanako, ndipo thupi lidzailandira bwanji.

Mtundu umene wafika patali kwambiri ndi wa Shuguang Zhang wa ku yunivesite ya MIT ku America. Mu 1993 iye ndi anzake anafalitsa za kachigawo ka puloteni ya yisiti yotchedwa zuotin, kamene kankadzilumikiza kakakumana ndi mchere. Kuchokera pamenepo kunabadwa RADA16: arginine, alanine, aspartic acid, alanine, kubwereza kanayi, onse pamodzi 16. Mbali imodzi ya molekyuyi ndi ya alanine yekhayekha, yothawa madzi. Mbali inayo ili ndi pozitivi ndi negetivi mosinthana. M'botolo imakhala m'madzi a asidi, ikuyenda. Ikangokhudza magazi, asidi uja amachepa, mchere wa m'magazi umalowerera, ndipo pomwepo imalimba. Mu 2006 gulu la Rutledge Ellis-Behnke linaonetsa kuti pa makoswe ndi tinyama tina ta mu labu magazi ankaleka masekondi 15 asanakwane, kaya bala lili pachiwindi, mu ubongo kapena pakhungu. Lero kampani ya ku Japan ya 3-D Matrix imaigulitsa ndi dzina la PuraStat, ndipo madokotala oona m'mimba ndi kachubu ka kamera amaithira pamalo pamene magazi akuchucha. Chimene amaikondera n'chakuti ndi yoonekera ngati madzi, kotero dokotala amapitiriza kuona malo amene akugwirapo ntchito. Ilibenso kanthu kochokera ku nyama kapena ku magazi a munthu wina.

Zofooka zake ziliponso, ndipo kwa ife n'zolemera. Jeloyi ndi yofewa. Imathandiza magazi ochucha kuchokera m'timitsempha ting'onoting'ono, osati othovoka mwamphamvu. Odwala amene amafika akusanza magazi chifukwa mitsempha ya kum'mero yatupa, monga zimachitikira likodzo likawononga chiwindi, amafunika kumangidwa mitsemphayo, jelo singalowe m'malo. Mayi amene akutaya magazi atabereka amafunika oxytocin ndi tranexamic acid, mankhwala otsika mtengo amene ntchito yake inatsimikizika kale. Ndikunena zimenezi chifukwa mawu oti "imaletsa magazi" amakopa, ndipo munthu angalembe pempho la ndalama lolonjeza zimene jeloyi singachite. Chinanso, ikakhala yamadzi imasungidwa mufiriji. Kwa amene akufuna kuweteramo maselo, asidi wake amapha maselo mukachedwa, n'chifukwa chake amayamba awaika m'madzi a shuga n'kusakaniza mofulumira.

Joel Schneider ndi Darrin Pochan a ku University of Delaware anatulukira njira ina mu 2002, peptide yotchedwa MAX1. Ili ndi ma amino acid 20, valine ndi lysine mosinthana, ndipo pakatikati pali kapindiko kopangidwa ndi ma proline awiri. M'madzi opanda mchere ma lysine amakankhana, molekyu n'kukhala yotambasuka, osalumikizana ndi inzake. Mukathira mchere wofanana ndi wa m'thupi, imapindika pakati, kenako n'kuyamba kugwirana. Choncho wokonza ndiye amalamula nthawi yoti jelo ipangike. Ikapangika mukhoza kuikankha mu jakisoni: imasanduka yamadzi podutsa mu singano, ikatuluka n'kulimbanso. Mtundu wake wina, MAX8, umene anausintha lysine mmodzi kukhala glutamic acid, umalimba mwachangu kotero kuti maselo amakhala omwazikana bwino osakamira pansi.

Chimene chimandikoka kwambiri pa mtundu umenewu ndi zimene anapeza mu 2007, kuti pamwamba pa jelo ya MAX1 pamafa mabakiteriya, kuphatikizapo Staphylococcus aureus, E. coli ndi Klebsiella pneumoniae, popanda kuikamo mankhwala ena. Ma lysine ambirimbiri aja amang'amba khungu la bakiteriya. Aliyense wogwira ntchito m'mawodi a ku Gulupu amawadziwa mayina amenewa. Kafukufuku wa magazi a odwala amene a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuchita pachipatalachi kuyambira cha m'ma 1998 anaonetsa kuti Klebsiella ndi E. coli osamva mankhwala a ceftriaxone akuchulukirachulukira. Ngati pali funso limene Blantyre angaliyankhe bwino kuposa Delaware ndi ili: kodi jelo zoterezi zimapha mabakiteriya otengedwa pa zilonda za odwala athu, amene mankhwala ambiri akuwalephera? Mabakiteriyawo tili nawo, anthu odziwa kuwaweta tili nawo.

Koma tiwerengere kaye. Mwana wapsa ndi phala kapena wagwera pambaula, bala lake ndi masentimita 20 mulitali ndi 20 mulifupi. Kuti mulikute ndi jelo yochindikala mamilimita 2 mukufunika mamililita 80. Jelo ya gawo limodzi pa 100 imadya mamiligalamu 10 a peptide pa mililita iliyonse, ndiye kuti mamiligalamu 800 pa kumanga kamodzi, ndipo bala lotere limamangidwa kambirimbiri lisanapole. Peptide ya kafukufuku imagulidwa m'mamiligalamu. Pambali pake pali silver sulfadiazine ndi uchi, zimene manesi amazidziwa kale. Ndiye ngati mukufuna peptide ya ma amino acid 20 kuti ikhale yomangira mabala aakulu, mtengo udzakugonjetsani musanafike patali. Malo ake ndi mabala ang'onoang'ono koma ovuta: chilonda cha kuphazi cha wodwala shuga, kabowo kakuya kamene bandeji sifika.

Kutalika kwa peptide kumakhudza mtengo chifukwa cha m'mene imapangidwira. Njira imene Bruce Merrifield anayambitsa mu 1963, n'kulandira nayo mphoto ya Nobel mu 1984, imalumikiza amino acid mmodzimmodzi pa timikanda ta resin, kutsuka, kulumikizanso wina. Kulumikiza kulikonse kukamatheka 99 pa 100, peptide ya ma amino acid 16 imatuluka yolondola pafupifupi 86 pa 100. Kukamatheka 95 pa 100, zolondola sizikwana theka. Tsoka lake, ma peptide odzilumikiza amayamba kugwirana adakali pa resin pomwepo, kulumikiza n'kumavuta. Kenako pamafunika kuyeretsa ndi makina a HPLC ndi kuchotsa asidi wa TFA, amene amatsalira ndipo amavulaza maselo. Amino acid aliyense amene mwawonjezera pa pepala, mudzamulipira.

N'chifukwa chake ma peptide aafupi kwambiri ndi ofunika kuwamvetsa. Mu 2003 Meital Reches ndi Ehud Gazit a ku Tel Aviv University, pofufuza puloteni imene imaunjikana mu ubongo wa odwala Alzheimer's, anapeza kuti ma amino acid awiri okha a phenylalanine ndi okwanira kupanga timachubu. Mu 2006 gulu la Gazit komanso la Rein Ulijn ku Manchester anaonetsa kuti mukaika kagulu ka ma atomu kotchedwa Fmoc kumutu kwa awiriwo, n'kupanga Fmoc-FF, mumapeza jelo yolimba ndithu. Fmoc-FF imagulidwa yopangidwa kale, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi ma peptide aatali. Kuikonza kwake n'kotheka pa tebulo wamba la mu labu. Mumapima ufa woyera mamiligalamu ochepa m'kabotolo, n'kuusungunula ndi timadontho ta mankhwala osungunulira otchedwa DMSO. Mukathira madzi, zonse zimachita mbuu ngati mkaka. Mukadikira mphindi zingapo, kuyera kuja kumayamba kuchoka, m'kabotolo n'kuwala. Mukakazondotsa, kanthu sikagwa, jelo yakakamira kumtunda. Wophunzira amene waona zimenezi ndi maso ake wamvetsa za kudzilumikiza kuposa amene wangowerenga.

Njira ina ndi kuisungunula ndi sodium hydroxide kenako n'kutsitsa pH, kutanthauza kuwonjezera asidi. Mukatsitsa ndi asidi wa hydrochloric jelo imapangika mwa zibuluma, pena polimba pena pofewa. Mukagwiritsa ntchito glucono-delta-lactone, amene amatulutsa asidi pang'onopang'ono, imatuluka yofanana ponseponse. Apa pali phunziro lalikulu kwa ochita kafukufuku: peptide yomweyomweyo, yokonzedwa m'njira ziwiri, imapereka jelo ziwiri zosiyana kulimba. Lembani chilichonse, ngakhale kutentha kwa m'chipinda tsiku limenelo, chifukwa Blantyre wa mu Juni ndi wa mu Novembala si mmodzi.

Kuipa kwa Fmoc-FF n'kwakuti Fmoc si chinthu cha m'thupi. Ikayamba kuphwanyika imatulutsa zinthu zimene zimavulaza maselo, ndipo DMSO nayo siyenera kuchuluka. Pa yokha ilibenso poti maselo agwire, n'chifukwa chake ena amaisakaniza ndi Fmoc-RGD, imene ili ndi kachigawo kamene maselo amagwira. Ine ndimaiona ngati yophunzirira ndi yoyesera maganizo, osati yothamangira nayo m'thupi la munthu. Koma ma peptide aafupi ali ndi mwayi wina umene umatiyenera kwambiri. A ma amino acid awiri alipo 400, a atatu alipo 8,000. Mu 2015 Pim Frederix, Tell Tuttle, Ulijn ndi anzawo anayesa onse 8,000 pa kompyuta n'kusankhamo ochepa opanga jelo popanda Fmoc. Ntchito ya mtundu umenewu sifuna firiji kapena mankhwala ochokera kunja. Imafuna kompyuta yamphamvu ndi munthu wodziwa masamu ndi kemisitile. Mnyamata kapena mtsikana wa ku MUBAS akhoza kuiyamba.

Tsopano mtundu umene umamveka kwambiri m'nkhani, wa Samuel Stupp wa ku Northwestern University. Mu 2001 gulu lake linalumikiza peptide ndi mchira wamafuta wa makaboni 16. Michira imabisala pakati pothawa madzi, ma peptide n'kuyang'ana kunja, zonse n'kupanga kaulusi kobulungira kamene kunja kwake konse kwadzaza uthenga wopita kwa maselo umene wokonza wasankha. Poyamba anakaonetsa kakukoka mchere wopanga fupa. Mu 2004 anaikapo IKVAV, kachigawo ka puloteni ya laminin, ndipo maselo aang'ono a ubongo anasanduka maselo a minyewa mochuluka. Mu 2021 anabaya mbewa zothyoka msana kamodzi kokha, patatha tsiku limodzi zitavulala, ndipo patapita milungu inayi zinayambanso kuyenda. Anapeza kuti mamolekyu akamagwedezeka momasuka mkati mwa kaulusi, maselo amamva uthengawo bwino.

Munthu amene waona achinyamata ovulala msana pa ngozi za njinga zamoto za kabaza sangawerenge zimenezi mtima uli m'malo. Komabe zimenezi zinachitika pa mbewa, ndipo achibale a wodwala akakufunsani, auzeni choncho mosabisa. Pa luso la kukonza, mtundu umenewu ndi wopambana yonse, chifukwa mchira, chigawo cholumikizira, chigawo chosungunulira ndi uthenga, chilichonse mukhoza kuchisintha pachokha. Koma ndi wodula kupanga, wovuta kuyeretsa, ndipo ena mwa iwo, makamaka a pozitivi wambiri, amang'amba maselo a munthu monga momwe sopo amachitira ndi mafuta. Kuti mudziwe chimene mwapanga pamafunika maikulosikopu ya ma electron ndi makina ena amene sapezeka mu labu iliyonse. Ndingaulangize kwa amene ali kale ndi mgwirizano wolimba ndi labu yakunja, osati kwa woyamba kumene.

Mitundu iwiri ndingoidutsa. Reza Ghadiri wa ku Scripps mu 1993 anapanga ma peptide ozungulira ngati mphete amene amasanjikizana n'kukhala timachubu, ndipo mu 2001 anaonetsa kuti amaboola mabakiteriya; koma kutseka mpheteyo ndi ntchito ina yowonjezera yodya ndalama. Dek Woolfson wa ku Bristol amakonza ma peptide opotana awiriawiri, amene malamulo ake a kasanjidwe amadziwika bwino kwambiri, koma ndi aatali, ma amino acid pafupifupi 28. Kwa ife onsewa ndi owerenga, osati oyambira.

Pamene ndikufuna tikhalitse ndi pa katemera. Joel Collier, ali ku University of Chicago, anagwiritsa ntchito peptide ya ma amino acid 11 yotchedwa Q11. Mu 2010 iye ndi Jai Rudra anaonetsa kuti mukalumikiza kachidutswa ka puloteni yachilendo ku Q11, tiulusi timene timapangika timachititsa mbewa kupanga asilikali a m'thupi ambiri popanda mankhwala okolezera amene akatemera ambiri amadalira. Chifukwa chake n'chakuti kachidutswa kaja kamaonekera kambirimbiri motsatana pa kaulusi kamodzi, ndipo chitetezo cha m'thupi chimadzidzimuka ndi zinthu zobwerezabwereza chotero. Mu 2012 anachita zomwezo ndi NANP, kachidutswa ka puloteni yokuta kachilombo ka malungo pamene udzudzu wangokalowetsa m'thupi, ndipo asilikaliwo anakhala miyezi yambiri. Puloteni imeneyi ndi yomwe katemera wa RTS,S amalimbana nayo, amene Malawi anali woyamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya akutsatira. Gulu la Collier linaonetsanso kuti tiulusi totere tinapirira kutentha kwa madigiri 45 kwa masiku angapo osataya mphamvu.

Taganizani za mlangizi wa zaumoyo (HSA) wonyamula bokosi la katemera kupita kumidzi ya ku Chikwawa dzuwa lili pamutu, akudera nkhawa madzi oundana a m'bokosimo. Katemera wosaopa kutentha angasinthe ntchito yake yonse. Ndipo vuto la mtengo limene linatigwetsa pa mabala a moto pano palibe, chifukwa katemera amafuna peptide yochepa zedi pa munthu mmodzi. Ulendo wochoka pa mbewa kufika pa mwana ndi wautali, ndipo asilikali ambiri m'magazi satanthauza kuti mwanayo watetezedwa. Koma Blantyre ali ndi zaka zambiri za kafukufuku wa malungo ndi wa katemera, kotero pa mitundu yonseyi, uwu ndi umene luso lathu lakale likhoza kukumana ndi luso latsopanoli. Pali chenjezo limene likuchokera pomwepa kwa okonza jelo za mabala: ngati tiulusi timadzutsa chitetezo chotere, uthenga uliwonse umene mwapachika pa jelo yanu thupi likhoza kuutenga ngati mdani. Muyeseni.

Mbale wake wa Q11 ndi P11-4, wa ku Leeds, wa Amalia Aggeli ndi Jennifer Kirkham, amene amagulitsidwa ndi dzina la Curodont Repair. Amalowa ali wamadzi m'kadontho koyera ka dzino longoyamba kuwonongeka, asidi wa m'menemo n'kumuchititsa kulumikizana, kenako n'kukoka calcium wa m'malovu kuti dzino lidzikonze. Sabowola, sabaya. Koma amathandiza dzino lisanabowoke, pamene anthu ambiri kwathu kuno amapita kuchipatala tsaya litatupa kale, chotsala n'kuzula. College of Medicine, imene pano ili mbali ya KUHeS, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019; akadzachuluka n'kumayendera ana m'sukulu, pamenepo mankhwala otere adzapeza ntchito.

Palinso mankhwala amene iwo eni ndi ma peptide odzilumikiza. Lanreotide, wa ma amino acid 8, akangosakanizidwa ndi madzi amapanga timachubu tonenepa mananomita 24, ndipo akabayidwa pansi pa khungu amatuluka pang'onopang'ono kwa milungu inayi. Degarelix wa khansa ya prostate amapanga jelo pamalo pamene wabayidwa. Akatswiri a ku Queen's University Belfast akuyesa nzeru yomweyi ndi mankhwala a HIV. M'dziko limene anthu ambiri amamwa ma ARV tsiku ndi tsiku, njira imeneyi ndi yoyenera kuitsatira mwatcheru, ngakhale kuti kupima mlingo wa mankhwala m'magazi kwa milungu kumafuna zida zodula.

Ndiye mukandifunsa, achimwene ndi achemwali, ndinganene chonchi. Chaka choyamba gwirani Fmoc-FF, muphunzire pH, mchere, kuzondotsa kabotolo ndi kulemba mosamala. Ngati mtima wanu uli pa zilonda, pitani ku ma peptide a lysine wambiri a mtundu wa MAX, muyese kuwafupikitsa, muwayese pa mabakiteriya a kuno komanso pa maselo ofiira a magazi kuti muone ngati sakuwaphulitsa. Ngati uli pa malungo, funani gulu la katemera mukambirane za Q11. RADA16 musavutike kuitulukiranso. Funso lotsala pa iyo ndi la madokotala a opaleshoni, loti ndi odwala ati amene ingawathandize mokwanira mtengo wake. Poitanitsa, pemphani ufa wouma osati wamadzi, wochotsedwa TFA, ndi chikalata cha makina opima a HPLC ndi mass spec chosonyeza kuyera kwake. Ufawo muugawe m'timabotolo ting'onoting'ono kuti musamatsegule kabotolo kamodzi komweko kawirikawiri, chifukwa chinyezi cha m'nyengo ya mvula chimauwononga. Chilichonse chokhudza magazi a munthu kapena mabakiteriya a odwala chiyambe chadutsa ku komiti yoona za kafukufuku monga COMREC, ndipo chofuna kukafika pathupi la wodwala chidzafunikanso chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la PMRA.